Thovu Pampopi wa Njati

Mutu 6

1. Kamuvi kagwanso

Lachinayi m'mawa Nabawuti anadzuka ndi khama lachilendo. Anasesa pabwalo, anatsuka mbale, kenako anapolisha nsapato zofiirira za bambo ake mpaka zinachita kuwala. Mayi ake anamuyang'ana ndi diso la m'mbali, poti mwana akayamba kugwira ntchito imene sanatumidwe, kawirikawiri pamakhala chimene wapalamula.

Atafika kugalaja ya bambo akewo, anabisa njinga yake kuseri kwa migolo ya oyilo, n'kuvala ovololo yake yopinda m'miyendo.

Dzina la Nabawuti anamupatsa ndi amakaniko akadali wamng'ono, chifukwa m'matumba mwa diresi lake simunkasowa mabawuti. Tsopano anali kusekondale, ndipo tchuthi chilichonse ankathera kugalajako. Bambo ake anamulola monyinyirika, atamuikira lamulo limodzi.

"Tsuka zitsulo, pereka masipanala, funsa zimene ukufuna," anatero. "Koma tsiku limene udzagwire mabuleki a galimoto popanda wamkulu, galaja ino uzidzaionera kumsewu."

Pakati pa bwalo panali Njati, chilole chakale cha asilikali chimene bambo ake anagula eniake atatopa nacho. Chinali ndi matayala aatali kufika m'chifuwa mwa munthu, ndi utoto wobiriwira wosuluka. Loweruka chinayenera kuyamba ntchito yotuta miyala kuphiri, pamsewu wotsetsereka umene ngakhale mbuzi zimatsika moganizira ana awo.

Mabuleki a Njati ankagwira ndi mpweya. Injini ikamalira, kompuresa inkapopera mpweya m'mathanki awiri a kunsi, ndipo kamuvi ka pageji yoonetsa kuchuluka kwa mpweyawo kankakwera mpaka pa 8. Ukazimitsa injini, kamuviko kanayenera kukhala pomwepo. Koma kuyambira Lolemba kankatsika kokha pang'onopang'ono mpaka kukagona pansi. Mpweya unkathawira penapake, ndipo pagalaja ponse panalibe wodziwa kuti ndi pati.

Panalibe, kupatula Nabawuti.

2. Maso a aliyense ali pa mnzake

Bambo ake anaima pafupi ndi lole manja ali m'matumba. Pambali pawo panali Hutala, mwana wa azakhali ake a Nabawuti, amene analembedwa kuti aziyendetsa Njati. Dzinalo linkamukhala, chifukwa ngakhale akamanong'ona, a kutsidya la msewu ankamva.

"Amalume, ine sindikuloza munthu chala," anatero Hutala, uku akuloza ndi mlomo. "Koma tangoganizani. Ndani anakana kuti loleyi ipite kuphiri? Ndani amatsala pano ife tikaweruka? Sabata yatha mpweya sumathawa. Mwangotchula za Loweruka, basi wayamba kuthawa. Kodi mpweya uli ndi makutu?"

Amene ankanenedwawo anali a Sajeni, makaniko wamkulu wa pagalajapo. Anatha zaka makumi awiri kuusilikali akukonza malole ngati omwewa, ndipo phokoso la mainjini linawagonthetsa khutu limodzi, linalo n'kutsala theka. N'zoona kuti anali atanena poyera kuti Njati ikufunika mwezi wina isanaone phiri. Mawu amenewo ndi amene tsopano anawatembenukira.

"A Sajeni!" anaitana bambo a Nabawuti mokweza.

Mkuluyo anatuluka kunsi kwa lole akupukuta manja.

"Ndakhala nanu pano zaka zisanu ndi zinayi, sindinakukayikirenipo. Koma masiku atatu kufunafuna kabowo kamodzi? Inuyo? Ngati simukufuna kuti lole ipite kuphiri, ndiuzeni pamaso, osati kumandiseweretsa ngati mwana. Ndikupita kukatenga matayala, ndibwera 12 koloko. Ndikapeza kamuvi kakugwabe, munyamule bokosi lanu la zitsulo."

A Sajeni anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Ndamva, bwana," anatero basi.

Nabawuti anawerama n'kuyamba kutsuka sipanala imene anali ataitsuka kale.

3. Zimene zinachitika Lamlungu

Nkhani yake inali yotere. Lamlungu masana galaja inali yotseka, ndipo mayi ake anamutuma kuti akapatse galu wa pagalajapo chakudya. Pobwerera anapeza tayala la njinga laphwa.

Kumbuyo kwa Njati kunali mpopi wa mpweya, wolumikizira mabuleki a ngolo imene lole imakoka. Unali ndi kachogwirira kofiira ndi chivundikiro chachitsulo chokhala ndi kampira m'kati. Nabawuti anali ataonapo a Sajeni akulumikiza paipi pamenepo n'kupopa tayala. Zinaoneka zosavuta, monga mmene ntchito iliyonse imaonekera ikakhala m'manja mwa mwini wake.

Tayala linakhutadi. Vuto linabwera potseka. Kachogwirira kanakakamira pakati, ndipo iye anakamenya ndi sipanala kawiri mpaka kanapindika. Mu chipwirikiti chomwecho kampira ka m'chivundikiro kanagwa, kanagubuduka, n'kulowa m'ngalande. Anabwezera chivundikirocho chopanda mpira, anamata girisi wakuda pamwamba, n'kupalasa njinga osacheuka.

Ankaganiza kuti a Sajeni akonza Lolemba m'mawa popanda wofunsa. Sanaganize kuti mkuluyo angachotsedwe ntchito chifukwa cha tayala la njinga.

4. Sopo, burashi ndi choko

"Bwera kuno, mdzukulu," anaitana a Sajeni. "Makutu anga anatsala kuusilikali. Lero undibwereke ako."

Anamutuma kuti apinge matayala ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako anasungunula sopo m'ndowa, n'kumupatsa burashi yopentera. Analiza injini mpaka kamuvi kanafika pa 8, anazimitsa, ndipo awiriwo anakwawira kunsi kwa lole.

"Mvetsera bwino," anayamba a Sajeni atagona chagada. "Oyilo akadontha umamuona pansi. Madzi akadontha umawaona. Mpweya suoneka, n'chifukwa chake umapha anthu ambiri. Usamaufune mongolota, uku wagwira apa, uku wathamangira apo. Umayambira pakompuresa, n'kumatsata paipi mmene mpweyawo umayendera. Polumikizira paliponse upake sopo, uwerenge mpaka teni. Pakatuluka thovu, wapeza wakuba. Pakapanda thovu, ine ndilembapo mtanda ndi choko, ndipo pamene ndalemba sitibwererapo. Mapaipi a kumatayala tiwasiye kaye. Mmenemo mumalowa mpweya pokhapokha wina akaponda buleki, pomwe wathuwu ukuthawa popanda woponda."

Anayamba. Nabawuti ankapaka, a Sajeni ankalemba. Kuseri kwa mpanda, munthu wowotcherera zitsulo anali atayatsa makina ake odulira, ndipo phokoso lake linkalowa mpaka m'mano.

Anadutsa thanki yoyamba, thovu osaoneka. Anadutsa yachiwiri, chimodzimodzi. Nsapato za Hutala zinkangozungulira lole, kuima apa, kuima apo.

"Msuweni wakoyu akuzunguliranji ngati wataya singano?" anafunsa a Sajeni motsitsa mawu. "Masiku onse sagwira ngakhale chiguduli, lero wasanduka woyang'anira. Sunamuonepo akulowa kunsi kuno?"

"Ayi, agogo."

"Nanga iwe, njinga yako waibisiranji kuseri kwa migolo?"

Burashi inatsala pang'ono kugwa. "Dzuwa limaononga matayala," anayankha msanga.

A Sajeni anamuyang'ana kanthawi, n'kupitiriza kulemba.

Itadutsa 11 koloko anafika kumbuyo kwenikweni. Mpopi uja unali pamwamba pa mphuno ya Nabawuti, wakuda bii ndi girisi. Pachitsulo cha pambali pake panali mtanda wakale wa choko.

"Apo ayi, usataye sopo," anatero a Sajeni. "Ndinamanga ndekha Lachisanu, mpira watsopano, ndinayesa kawiri. Choko changa sichinama."

Nthawi yomweyo makina a kuseri kwa mpanda anazima. Kunangoti zii. Nabawuti anamva bwinobwino kamluzu kakang'ono kochokera pansi pa girisi uja, *sssss*.

"Phokoso latha. Ukumva kanthu?" anafunsa a Sajeni, atatembenuza khutu lawo lomva theka lija.

Madzi a sopo ankatsika m'burashi n'kumayenderera m'dzanja lake mpaka m'chigongono.

"Sindikumva kanthu, agogo."

Mkuluyo anausa moyo. "Ndiye kuti ndakalambadi," anatero.

5. Bokosi la zitsulo

Bambo a Nabawuti anafika nthawi yomwe ananena. Sanapereke moni. Anakwera okha m'lole, analiza injini, anazimitsa, n'kuyang'ana wotchi. Hutala anakwera pachopondera, mutu atausuzumiritsa pazenera.

"Kakutsika, amalume! Onani, kachoka pa 8. Si ndinanena ine?"

A Sajeni sanadikire kuti auzidwe kawiri. Anapita pabenchi yawo n'kuyamba kupukuta masipanala, imodziimodzi, kuyambira yaing'ono, n'kumaika m'bokosi. Amakaniko ena anasiya ntchito, koma palibe anayang'ana mnzake kumaso.

Atatseka bokosi, anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka choko. Anapita pomwe panaima Nabawuti.

"Tenga, mdzukulu. Uli ndi manja abwino, ndipo sunandinamizepo. Ukadzakhala makaniko uzidzalemba pokhapokha pamene waona ndi maso ako."

Chokocho chinali chofunda. Nabawuti anamva manyazi aakulu moti akanakonda akanamumenya mbama. A Sajeni ananyamula bokosi n'kulunjika kugeti.

"Dikirani!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa a Hutala. Nabawuti ananyamula ndowa ija, anapita kumbuyo kwa lole, anapukuta girisi ndi mkono wa ovololo, n'kupaka sopo pampopi. Sanafunike kuwerenga mpaka teni. Thovu linatupa pompo, linakula ngati la pochapira, n'kuyamba kugwera pansi.

Onse anasonkhana. Kachogwirira kopindika kanali poyera, ndi zipsera ziwiri za sipanala.

"Ndine, ababa," anatero. "Lamlungu ndinapopa njinga apa. Kanakana kutseka, ndinakamenya. Mpira wake unagwera m'ngalande. Girisiyu ndinamata ndine. Lero ndamva mpweya ukutuluka, a Sajeni anandifunsa, ine ndinakana."



6. Mawu a a Sajeni

Bambo a Nabawuti anayang'ana thovu lija. Kenako anayenda mpaka kugeti, analanda bokosi m'manja mwa a Sajeni, n'kukalibwezera okha pabenchi.

"Ndakulakwirani, a Sajeni. Ndakunyozani pamaso pa ana," anatero. Atatero anatembenukira mwana wawo. "Iwe lamulo ukulidziwa. Vula ovololo."

"Bwana, ndipempheko chimodzi," anatero a Sajeni. "Lamulo ndi lanu, sindilowererapo. Koma waononga ndi iyeyu. Akonze kaye, aweruke madzulo pamodzi ndi tonse."

"Lero lokha. Mawa asaponde pano."

A Sajeni anakhala patayala lakale n'kumuuza Nabawuti kuti aime patsogolo pawo. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinapweteka kwambiri.

"Kupinda kachogwirira si mlandu waukulu. Ine ndathyola zitsulo zoti zikhoza kudzaza lole imeneyi. Mlandu wako ndi girisi. Unaononga, n'kuphimba. Tamvera ndikuuze. Ndili mnyamata, tinkatsika phiri ndi malole asanu ndi limodzi. Mnzanga wina anali atathyola kapaipi kakang'ono pomanga, anaopa mkulu wathu, anakakulunga ndi chiguduli n'kukhala chete. Sanali munthu woipa. Ankagawana nane sopo. Lole yake inatsika bwino makona awiri. Pakona yachitatu dalaivala anaponda buleki, phazi linangofika pansi. M'lolemo munali anthu khumi ndi anayi. Sindikuuza zimene tinapeza kumunsiko, ukadali mwana. Mnzangayo sanamangidwe, poti palibe anadziwa. Anadzandiuza yekha patatha zaka, ndipo kuyambira tsiku la ngoziyo sanagwirenso sipanala.

"Iwe ukanakhala chete lero, ine ndikanapita. Zimenezo n'zazing'ono, nkhalamba sisowa pokhala. Koma mawa bambo akowa akanaitana makaniko wothamanga, woti angomva kuti injini ikamalira kamuvi kakukwera, basi n'kunena kuti lole ili bwino. Loweruka msuweni wakoyu akanatsika phiri ndi miyala yodzaza, akuponda buleki pakona iliyonse, mpweya ukutha msanga kuposa mmene kompuresa ikupopera. Ukanakawauza chiyani azakhali ako?"

Nabawuti misozi inali ikugwera paovololo.

"Nanenso ndili ndi mlandu wanga," anapitiriza a Sajeni. "Masiku anayi ndakhala ndikulambalala mpopi umenewu chifukwa chokhulupirira choko cha Lachisanu. Choko chimanena za tsiku limene unalemba, sichidziwa za Lamlungu. Ndiye pukuta m'maso, katenge sipanala. Uyambe watulutsa mpweya wonse m'mathanki. Mpopi sumasulidwa muli mpweya, ungakuchotse mano."

7. Tayala lomaliza

Pofika 3 koloko mpopi wina unali utamangidwa. Nabawuti anapaka sopo, anawerenga mpaka teni, anawerenganso kachiwiri. Thovu silinatuluke. Kamuvi kanaima pa 8 osasuntha. Analemba mtanda wake woyamba ndi choko chija, podziwa kuti mwina ndi womalizanso.

"Basi zatheka, tiyeni tiitulutse," anatero bambo ake akuyang'ana wotchi.

"Pang'ono, bwana," anayankha a Sajeni. "Tayesa theka. Tsopano tiyese mapaipi a kumatayala, amene tinawasiya aja."

"N'zofunika zimenezo? Si mpweya wasiya kuthawa?"

"N'zofunika. Lole siima ndi geji, imaima ndi matayala."

Anafotokozera Nabawuti ntchito yake. Patayala lililonse pali kachitini kachitsulo kokhala ndi ndodo. Buleki ikapondedwa, mpweya umalowa m'kachitinimo, ndodo n'kutuluka kukakankha mabuleki. Woponda saona za kunsi, ndipo wa kunsi saona woponda.

"Ine ndiponda, iwe ukhale maso anga," anatero a Sajeni. "M'mawa unandinamiza ndi makutu. Ndikukupatsanso mwayi ndi maso. Chimene waona, unene chomwecho."

Nabawuti anaonetsetsa kuti zipika zili m'malo, n'kukwawira kunsi. Kuchokera kumeneko anthu ankaoneka nsapato zokha. Kumanja kunali nsapato zazigamba za Hutala. Pafupi nazo panaima nsapato zina.

"Ndaponda!" anakuwa a Sajeni.

"Lakutsogolo kumanja lagwira!"

"Ndaponda!"

"Lakumanzere lagwira!"

Anapitiriza choncho, akusuntha ndi msana pasimenti, mpaka anafika patayala lomaliza, lakumbuyo kumanzere. A Sajeni anaponda. Ndodo sinasunthe. Anapondanso, ndodo ili chiimire.

Nabawuti anatsata paipi ya mpira ndi dzanja kuchokera pakachitini, kukwera kuseri kwa chitsulo chachikulu chimene chinkaibisa. Zala zake zinagunda chinthu chobaya. Anasuzumira. Paipiyo inali itapindidwa pawiri n'kumangidwa zolimba ndi waya, kuti mpweya usafike n'komwe patayalalo. Pamwamba pake wina anali atamatapo matope. Anakanda matopewo ndi chikhadabo, ndipo wayayo anawala. Anali watsopano, wa mtundu umene pagalaja ponse unkasungidwa m'kabati yokhoma ya mu ofesi.

Iyi sinali ngozi ngati yake ija. Amene anachita izi ankadziwa ntchito. Anapeza kachitini kobooka, ndipo m'malo mokasintha anangolipha tayalalo mabuleki kuti lole ioneke yabwino pofika Loweruka.

"Mdzukulu, wangoti zii bwanji?" anaitana a Sajeni. "Lagwira kapena ayi?"

Nabawuti anayang'ana dzanja lake. Girisi uja anali akadali pamkono wa ovololo yake.

"Silinagwire, agogo!" anakuwa. "Wina anapinda paipi n'kuimanga ndi waya watsopano. Tsikani mudzaone!"

Nsapato za Hutala zinathamangira kumbuyo kwa lole, mwini wake akufunsa kuti ndi pati. Nsapato zinazo sizinabwere. Zinabwerera m'mbuyo kamodzi, kenako kawiri, n'kutembenukira ku ofesi.

Nabawuti ankazidziwa bwino nsapato zimenezo. Anali atazipolisha yekha m'mawa.